John Buchanan ndi Nyumba ya Masongola

Munthu akaima pa doko la Kachulu m'mamaŵa, asodzi ali kutsitsa matemba ndi milamba m'mabwato mwao, natembenuka kupenya kuzambwe, amaona phiri la Zomba litatambalala ngati linga lalikulu. Pamwamba pa phiri limenelo pamachokera kamtsinje ka madzi ozizira kotchedwa Mulunguzi. Kamtsinjeka kamatsika mwaliŵiro pakati pa matanthwe, kamadutsa mumzinda wa Zomba, ndipo kamakathira mu mtsinje wa Likangala. Likangala ndiye amasenza madziwo kupyola m'midzi ndi m'minda ya mpunga kufikira ataŵatula m'nyanja ya Chilwa. Motero ena mwa madzi amene ana a ku Kachulu amasambamo amakhala atadzera kaye pafupi ndi malo aŵiri otchuka a ku Zomba: munda wa boma wa mitengo ndi maluŵa, ndi nyumba yakale ya Masongola.

Nyumba ya Masongola ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri za njerwa m'Malaŵi muno. Ili m'tsinde mwa phiri, pa mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera ku Kachulu. Ili ndi nsanja ziŵiri zosongoka kumutu, ndipo dzina lakelo lidachokera pa kusongoka kwa nsanjazo. Mlendo akaiona angaganize kuti adaimanga ndi katswiri amene adaphunzira umisiri wa nyumba zaka zambiri. Koma ai. Adaimangitsa ndi munthu amene zida zake zenizeni zinali khasu, mpeni wodulira mitengo ndi ndowa yothirira mbeu. Dzina lake linali John Buchanan.

John Buchanan adabadwa pa 15 Meyi 1855 m'mudzi wa Muthill, m'dziko la Scotland. Makolo ake sanali olemera. Atate ake ankagwira ntchito pa nyumba yaikulu ya banja lina lolemekezeka, nyumba yotchedwa Drummond Castle. Nyumba imeneyi ndi yotchuka chifukwa cha munda wake wa maluŵa. M'mundamo mitengo amaimeta monga momwe munthu ametera tsitsi, tinjira timayenda moongoka ngati mizere ya m'kope, ndipo maluŵa amaŵabzala motsata maonekedwe ao, kotero kuti woima pamwamba amaona ngati pansi ayalapo nsalu ya maŵangamaŵanga. Ngakhale Mfumukazi Victoria idapita kukauona mundawo m'chaka cha 1842.

M'munda umenewu ndimo John adaphunzirira ntchito. Mnyamata wophunzira ntchito yotere ankayamba ndi zonyozeka: kusesa masamba, kututa manyowa ndi kutsuka miphika ya maluŵa. Akaonetsa khama, tsono ankamphunzitsa kufesa, kuokera, kumezanitsa mitengo ya zipatso, ndi kuzindikira nthaka yabwino pongoifumbata m'manja. Ankayeneranso kuloŵeza maina a zomera a m'Chilatini, amene akatswiri a dziko lonse lapansi amatchulira mitengo ndi zitsamba. John anali mnyamata wosakonda kuseka, wopemphera, ndiponso wofunitsitsa kukwera. Koma ku Scotland mwana wa munthu wantchito kaŵirikaŵiri ankakalambira m'munda wa mwini.

Nthaŵi imeneyo dzina la David Livingstone linali pakamwa pa aliyense ku Scotland. Livingstone adaona nyanja ya Chilwa m'mwezi wa Epulo 1859, ndipo chaka chomwecho adakwera phiri la Zomba. Adalemba za kukongola kwa dziko lino, komanso za malonda oipa a akapolo amene ankapasula midzi. Iye atamwalira mu 1873, mipingo ya kwao idaganiza zotumiza anthu kuti adzapitirize ntchito yake. Mpingo wina udatsegula mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875. Mpingo wa Church of Scotland udatuma Henry Henderson kuti akafune malo ena, ndipo iye, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, adasankha malo a m'dziko la Mfumu Kapeni. Malowo adaŵatcha Blantyre pokumbukira mudzi umene Livingstone adabadwira.

Mishoni yatsopanoyo inkasoŵa amisiri: wopala matabwa, wosula zitsulo, ndi wodziŵa zaulimi. Buchanan adadzipereka ali ndi zaka 21. Iye ndi anzake adayenda pa nyanja yamchere milungu yambiri, adakwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire pa ngalaŵa, kenaka adayenda pansi kukwera mapiri, nafika ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala 1876. Masiku oyamba anali oŵaŵa. Malungo adaŵagwetsa mmodzimmodzi, nyumba zinali zisakasa chabe, ndipo chakudya chimene adazoloŵera kwao kunalibe. Apa ndipo padaoneka phindu la mlimi. Buchanan adatsegula minda, nayamba kuyesa mbeu zachilendo kuti aone zimene zingalole nthaka ya kuno.

Mwa mbeu zonse zimene zidayesedwa pa mishoni ija, imodzi ili ndi mbiri yodabwitsa. M'chaka cha 1878 mlimi mnzake, Jonathan Duncan, adabwera ndi timitengo titatu ta khofi kuchokera m'munda wa zomera wa mumzinda wa Edinburgh. Tiŵiri tidafa. Kamodzi kokha kadapulumuka, ndipo kataokedwa ku Blantyre kadakula nkubereka. Njere za kamtengo kameneka ndizo zidafesedwa kufikira khofi adadzaza minda yambiri ya m'mapiri a Shire. Palibe amene adazisamala njerezo ndi chiyembekezo choposa cha Buchanan.

Chaka cha 1880 chisanafike, Buchanan adatumidwa kukatsegula nthambi ya mishoni ku Zomba, m'dziko la Mfumu Malemia ya Ayao. Atafika m'tsinde mwa phiri maso ake a ulimi adaona zinthu zitatu: nthaka yakuya, mphepo yozizira bwino, ndi madzi a Mulunguzi osaphwa ngakhale m'chilimwe. Munthu akanatha kupatutsa madziwo m'ngalande nkuthirira mbeu chaka chonse. Adamanga pamenepo, ndipo kuyambira nthaŵi imeneyo mtima wake sudachokenso ku Zomba. Adaphunzira Chiyao, nazoloŵera kukhala pa bwalo ndi mafumu.

Koma dziko silinali pa mtendere. Mafumu amphamvu a Ayao monga Malemia ndi Kaŵinga anali ndi mfuti, ndipo ankalimbirana anthu ndi minyanga ya njovu. M'chigwa chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi nyanja ya Chilwa munkadutsa maulendo a akapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana atamangidwa zingwe, ulendo wa ku nyanja yamchere. Anyanja ambiri adasiya midzi yao nakabisala m'mabango a m'nyanja ndi pa zilumba monga cha Chisi. Ena amene adathaŵa m'manja mwa ambuye ao ankathamangira ku mishoni kukapempha malo.

Pamenepa mpamene padayambira cholakwa chachikulu cha moyo wa Buchanan. Anthu atachuluka pa mishoni ya Blantyre, padabuka milandu ya kuba ndi ya ndeu. Boma la Angerezi kunalibe, apolisi kunalibe. M'malo mopereka milanduyo kwa mafumu a dzikolo, amene anali ndi mabwalo ao ndi malamulo ao, Azungu a pa mishoni adadziika okha kukhala oweruza. Ambiri a iwo anali anyamata osadziŵa za malamulo, ndiponso opsa mtima msanga. Adamanga ndende, nayamba kukwapula anthu ndi chikoti. M'chaka cha 1879 munthu wina wamtengatenga, amene adamganizira kuti waba katundu, adakwapulidwa koopsa mpaka adafa. Wina adaomberedwa ndi mfuti atamganizira kuti adapha mkazi. Anthu amene adadza kudzathyola goli anali atatola chikoti.

Zoipazi sizidabisike. Mlendo wina wochokera ku Australia, Andrew Chirnside, adaona ndi kumva zimene zinkachitika, ndipo mu 1880 adasindikiza kabuku koulula zonse. Anthu a ku Britain adachita manyazi ndi mkwiyo. Mpingo udatuma akuluakulu aŵiri kudzafufuza, ndipo mmodzi wa iwo anali Dr James Rankin, mbusa wa ku Muthill, kwao kwenikweni kwa Buchanan. Zotsatira zake zinali zakuti mu 1881 anthu atatu adachotsedwa ntchito: Mbusa Duff Macdonald amene anali mkulu wa mishoni, George Fenwick, ndi John Buchanan. Mishoni idaperekedwa m'manja mwa Mbusa David Clement Scott, munthu wa mtima wina, amene adalemekeza Chinyanja ndi eni ake, ndipo pambuyo pake adamanga tchalitchi chokongola cha St Michael and All Angels.

Macdonald adabwerera kwao. Fenwick adasanduka mlenje ndi wamalonda, ndipo mu 1884 adawombera Mfumu Chipatula ya Amakololo pa mkangano, iyenso naphedwa ndi anthu a mfumuyo. Buchanan sadabwerere ku Scotland. Adatsalira ku Zomba, pa minda yomwe ija ya m'mbali mwa Mulunguzi, koma tsopano ankalima za iye mwini. Anali ndi zaka 26, wopanda ntchito, dzina lake litaipa. Adaitana abale ake aŵiri, David ndi Robert, ndipo atatuwo adayambitsa kampani yotchedwa Buchanan Brothers.

Pa ulimi Buchanan anali ndi dzanja. Adabzala khofi m'mizere italiitali, ndipo anali mmodzi wa oyamba kutumiza khofi wa dziko lino kunja. Adalima nzimbe, nakonza chofinyira chake, napanga shuga pa nthaŵi imene shuga yense ankachita kuchokera kutsidya kwa nyanja. Iye ndi abale ake adayesanso fodya wa mtundu wa ku America, ndipo mu 1893 fodya woyamba wa dziko lino adatumizidwa kukagulitsidwa kunja. Anali wochepa, woti munthu mmodzi nkusenza, koma ndiye adatsegula njira ya mbeu imene pambuyo pake idadzakhala yobweretsa ndalama zambiri m'Malaŵi. Minda ya abalewo idafalikira mpaka ku Michiru, kufupi ndi Blantyre.

Mizere yonseyo sadailime ndi manja ao. Ankalima ndi Ayao ndi Anyanja a m'midzi yozungulira, malipiro ao kaŵirikaŵiri ali nsalu. Mu 1884 Angoni a Chikuse adaoloka Shire nathira nkhondo m'dziko la mapiri, anthu nkuthaŵira m'mapanga. Koma patapita zaka zoŵerengeka Angoni omwewo adayamba kubwera ndi makasu m'malo mwa zishango, kudzafuna ntchito m'minda ya khofi.

Poyenda m'nkhalango ndi m'mapiri Buchanan sankaiŵala zimene adaphunzira ku Drummond Castle. Akaona mtengo kapena duŵa limene sadalionepo, ankathyola kanthambi ka masamba ndi maluŵa, nakapanikiza pakati pa mapepala kuti kaume kali kosalala. Kenaka ankalembapo malo amene adakapeza, natumiza ku munda waukulu wa zomera wa Kew, mumzinda wa London. Zomera zambiri zimene adatumiza zinali zachilendo kwa akatswiri a kumeneko, ndipo zina adazitcha dzina lake. Mu 1885 adasindikizanso buku lofotokoza za dziko la mapiri a Shire, nthaka yake, mbeu zake ndi anthu ake, pofuna kukopa Azungu anzake kuti adzakhazikike kuno.

M'zaka zomwezo boma la Britain linali litayamba kutumiza kazembe woti aziyang'anira anthu ake a m'dera la nyanja ya Nyasa ndi kupenyetsetsa malonda a akapolo. Kazembe woyamba, Captain Foot, adasankhidwa mu 1883 koma adamwalira ndi malungo chaka chotsatira. Amene adaloŵa m'malo mwake, A. G. Hawes, adasankha kukhala ku Zomba, pakuti kuchokera m'tsinde mwa phiri munthu amaona chigwa chonse mpaka ku Chilwa, kumene kunkadzera maulendo a akapolo aja. Kazembeyo adafuna nyumba yolimba ndi yaulemu, yoti mfumu iliyonse ikaiona idziŵe kuti mwini wake wadza kudzakhala. Ntchito yomanga adaipereka kwa Buchanan.

Kumanga nyumba yotere m'masiku amenewo sikunali kwa maseŵera. Njanji kunalibe, pakuti sitima ya pamtunda idafika ku Blantyre mu 1908. Galimoto kunalibe. Njerwa zinkaumbidwa ndi kuotchedwa pa malo pomwepo. Mitengo inkadulidwa m'nkhalango nkuchekedwa ndi macheka a pamanja. Chilichonse chochokera kunja, kaya ndi misomali, kaya ndi magalasi a m'mazenera, chinkakwera mtsinje wa Shire pa sitima ya pamadzi mpaka kwa Katunga, ndipo kuchokera kumeneko chinkayenda pamitu pa amtengatenga kudzera ku Blantyre mpaka ku Zomba. Ntchitoyo idachitika m'zaka za 1886 ndi 1887. Mabuku amati nyumbayo adamanga ndi Buchanan, koma amene adaponda dothi, kutunga madzi mu Mulunguzi ndi kukweza njerwa pamwamba pa nsanja zija anali amuna ndi akazi a m'midzi ya kuno.

Hawes sadakhalitse m'nyumba yake yatsopanoyo. Atachoka, udindo wa kazembe adausiya m'manja mwa Buchanan kuti augwirizire. Chotero munthu amene mpingo udampirikitsa chifukwa cha nkhanza adasanduka woimira Mfumukazi ya ku Britain m'dziko lonse lino, zaka khumi zisanathe. Udindowo unali ndi minga yake. Mu 1888 adapita kwa Mfumu Makanjira, kuvuma kwa nyanja ya Malaŵi, pamodzi ndi Mbusa W. P. Johnson wa mishoni ya ku Likoma. Makanjira anali mfumu yamphamvu yolemera ndi malonda a akapolo, ndipo sankaopa Mzungu. Anthu ake adagwira alendo aŵiriwo, adamvula Buchanan zovala pamaso pa khamu, ndipo adaŵamasula pokhapokha atalandira katundu wa dipo. Tsiku limenelo Buchanan adalaŵa yekha manyazi a munthu wogwidwa wopanda womuteteza.

Chaka cha 1889 ndicho chidalemba dzina lake m'mbiri ya dziko lino. Apwitikizi ankafuna kulumikiza Mozambique ndi Angola kuti dziko lao liyambire ku nyanja yamchere ya kuvuma mpaka ku ya kuzambwe. Dziko la mapiri a Shire linali pakati pa njira yao. Tsono adatuma msilikali wotchuka, Serpa Pinto, ndi gulu lalikulu la anthu a mfuti kuti akwere mtsinje wa Shire. Kutsogolo kwao kunali Amakololo, anthu amene adabwera ndi Livingstone nasanduka mafumu m'chigwa cha Shire, ndipo mmodzi wa iwo anali Mlauli. Buchanan analibe asilikali. Chida chake chinali cholembera ndi mbendera. Adalembera Serpa Pinto kalata yomchenjeza kuti asapitirire, ndipo pa 21 Sepitembala 1889, asanalandire chilolezo kuchokera ku London, adalengeza kuti dziko la Amakololo ndi la mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain.

Apwitikizi sadamvere. Adamenyana ndi anthu a Mlauli, ndipo Amakololo ambiri adaphedwa. Koma pa 11 Januwale 1890 boma la Britain lidauza boma la Portugal kuti lichotse asilikali ake msanga, ndipo Apwitikizi adabwerera. Chaka chomwecho Buchanan adalandira mendulo ya ulemu kuchokera kwa Mfumukazi. M'mwezi wa Meyi 1891 dziko lonse lidalengezedwa kuti ndi lotetezedwa ndi Britain. Malire a dziko lino ndi Mozambique adadzera kuvuma kwa nyanja ya Chilwa. Zinthu zikadayenda mwina, bwenzi ana a ku Kachulu akuphunzira Chipwitikizi kusukulu, monga amachitira anzao a tsidya lija la nyanja. Komabe pa mkangano wonsewo maiko aŵiri a ku Ulaya ankalimbirana dziko la eni ake, ndipo anthu a m'midzi sadafunsidwe.

M'mwezi wa Julayi 1891 kudafika Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma latsopanolo. Azungu ambiri ankayembekeza kuti likulu likhala ku Blantyre, kumene kunali mishoni ndi masitolo. Johnston adasankha Zomba. Adakopeka ndi kukongola kwa phiri, sadafune kukhala pafupi ndi amishoni ndi amalonda amene akadamamuvuta tsiku ndi tsiku, ndiponso ku Zomba kunali kale nyumba yoyenera, ija ya Masongola. Adaloŵa m'menemo, ndipo kuchokera m'zipinda zake adalamula nkhondo zimene zidagonjetsa Makanjira, Jalasi ndi Kaŵinga ndi kuthetsa maulendo a akapolo. Johnston ankakonda nyama zakutchire, ndipo ankaŵeta zina pabwalo pa nyumbayo.

Johnston adabwera ndi katswiri wa zomera, Alexander Whyte, nayenso wa ku Scotland. Whyte adatsegula munda wa boma m'mbali mwa Mulunguzi, pa dera lomwe lija limene Buchanan adayamba kuona ubwino wa nthaka yake. Cholinga chake chinali chakuti aziyeseramo mbeu ndi mitengo yochokera ku maiko ena asanaigaŵire alimi. Whyte adakweranso phiri la Mulanje, natumiza ku Ulaya nthambi za mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiudya. M'mabuku a akatswiri mtengowo umadziŵika ndi dzina la Whyte, ndipo ndiwo mtengo wa fuko la Malaŵi.

Nkhani imene idasiya chilonda chokhalitsa ndi ya malo. Boma lisanakhazikike, Azungu angapo anali atatenga malo aakulu kwa mafumu, napereka nsalu, mfuti ndi tizinthu tina tochepa. Buchanan ndi abale ake anali pakati pa amene adatenga ochuluka, maekala oposa 100,000. Pa mwambo wa kuno mfumu imapatsa mlendo malo kuti alime adye, koma nthaka siigulitsidwa, pakuti ndi ya makolo ndi ya ana amene sanabadwe. Azungu sankamva choncho. Kwa iwo pepala lokhala ndi chizindikiro cha mfumu linkatanthauza kuti malowo ndi ao mpaka muyaya. Kuyambira mu 1892 Johnston adafufuza mapepalawo, ena adaŵachepetsa, koma ambiri adaŵavomereza napereka zikalata za umwini.

M'zikalatamo munali mau akuti midzi imene inalipo kale isasunthidwe. Koma kulima kwa masiku amenewo kunali kosamukasamuka, ndipo munthu akangotsegula munda watsopano ankapezeka kuti ali pa malo a Mzungu. Alomwe amene ankaloŵa kuchokera ku Mozambique adapezanso malo ambiri ali ndi eni ake. Pofuna kuti asachotsedwe, anthu ankakakamizidwa kugwira ntchito m'minda ya Azungu m'malo mwa lendi, ngakhale pa nyengo ya dzinja pamene minda yao inkafuna khasu. Imeneyi ndiyo thangata, imene idaŵaŵitsa mitima ya anthu a ku Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Inali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa Mbusa John Chilembwe mu 1915, ndipo idathetsedwa mu 1962.

Zambiri mwa zimenezi Buchanan sadazione. Boma litakhazikika adagwirako ntchito ngati wachiŵiri kwa kazembe ku Blantyre, kenaka adabwerera ku minda yake. Adakwatira mu 1893. Koma zaka makumi aŵiri za malungo zinali zitamfooketsa thupi. Kumayambiriro kwa 1896 adanyamuka ulendo wopita ku Scotland kukapuma. Adatsika Shire ndi Zambezi, njira yomwe adadzera ali mnyamata, koma atafika ku Chinde, pa doko la ku mathiriro a Zambezi, matenda adamkulira. Adamwalira komweko pa 9 Malichi 1896, asanakwanitse zaka 41. Mwana wake wamwamuna adabadwa atate ake atamwalira kale, ndipo atakula adakhala dotolo. David ndi Robert nawonso adamwalira asanakalambe, ndipo minda ya abalewo idagwera m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa.

Khofi amene Buchanan adamkhulupirira kwambiri, amene chithunzi cha mtengo wake chidaikidwa ngakhale pa chizindikiro cha boma la nthaŵi imeneyo, sadakhalitse. Chitangopita chaka cha 1900 matenda ndi chilala zidaononga minda, ndipo mitengo ya khofi idatsika chifukwa cha kuchuluka kwa khofi wa ku Brazil. Alimi adatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Nyumba ija ndiyo idatsala. Alfred Sharpe, amene adaloŵa m'malo mwa Johnston, adamangitsa nyumba ina yaikulu mu 1901, imene pambuyo pa ufulu wa 1964 idatchedwa State House. Masongola idasanduka nyumba yogonamo alendo a boma, ndipo pambuyo pake hotela. Mzinda umene udakula mozungulira nyumbayo udakhala likulu la dziko zaka zoposa 80, kufikira mu 1975 pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo idatsalabe ku Zomba mpaka mu 1994.

Munda wa m'mbali mwa Mulunguzi udaikidwa m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lidakhazikitsidwa mu 1987. Akatswiri a Chimalaŵi a m'bungwe limeneli amasunga zomera zouma zopanikizidwa m'mapepala, monga momwe Buchanan ankachitira, koma tsopano zimasungidwa konkuno. Ana a sukulu amapita kukayenda m'tinjira ta m'mundamo, kuoloka timilatho ndi kuŵerenga maina olembedwa pa mitengo. M'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje ya phiri la Zomba mumamera mtengo wina wamtali, wa thunthu losalala ndi masamba ang'onoang'ono onga nthenga. M'mabuku a akatswiri dzina lake ndi Newtonia buchananii. Anthu a kuno amautcha mkweranyani.